H wathu si wa Chipwitikizi: tiyambe ndi khutu la mwana

Aphunzitsi anzanga ndi makolo a ku Tsangano ndi Macanga, tikambirane za kachilembo kamodzi: h.

M'Chipwitikizi, h wa mu hora kapena homem samveka. Kwathu h ndi mpweya, ndipo mpweyawo umasintha tanthauzo. Kupala mbatata n'kwina, phala n'lina. Kukola mbewa si khola la ng'ombe. Mwana akalemba "kola la mbuzi", musathamangire kumufiiritsa ndi cholembera. Muuzeni aike dzanja pakamwa, anene kola, kenaka khola. Akamva kamphepo m'dzanja, phunziro lalowa.

Chimodzimodzi ng' wa mu ng'oma ndi ng'ona, amene Chipwitikizi chilibe chilembo chake. Palinso kukwera ndi kutsika kwa mawu: mtengo wa mango ndi mtengo wa feteleza timalemba mofanana, koma pakamwa timasiyanitsa.

Dzina la boma lathu lomwe ndi phunziro. Mu Macanga, c akuimira k monga mwa Chipwitikizi, pomwe m'mabuku a Cinyanja a kuno c yemweyo ndi uja a ku Malawi amalemba ch. Mwana akasokoneza si umbuli. Wapatsidwa malamulo awiri popanda womuuza kuti ndi awiri.

Galamala nayo ali nayo kale. Mwana wa zaka 6 amati chimanga chabwino, mbatata yabwino, ana abwino, osaphonya. Tiyambire pamenepo pomufotokozera o ndi a wa Chipwitikizi.

Makolo ena amati Chinyanja m'kalasi chimachedwetsa mwana. Nkhawayo ndi yomveka, mayeso ndi ntchito zimafuna Chipwitikizi. Koma kulumikiza liwu ndi chilembo munthu amaphunzira kamodzi, ndipo kumafulumira m'chinenero chimene akumva. Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene zinayesa njirayi mu PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, isanalowe m'sukulu za boma mu 2003. Si zachilendo kwa ife.

Ku Panama, anthu otchedwa Kuna anakonza kalembedwe kawo motsata mmene amatchulira, mpaka dera lawo linasintha kuchoka ku Kuna Yala kukhala Guna Yala mu 2011. Anakhulupirira khutu lawo kuposa zilembo za Chisipanishi.

Ifenso tichite zomwezo pa bolodi. Sabata ino pezani mawu awiriawiri osiyana pa h yekha, ana awatchule asanawalembe. Amene mwapeza tilembereni m'munsimu, tigawane.