Mphaka wamantha nayenso apezeredwe khomo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene mudadutsa m'kalasi mwanga, lero tisiye kaye za mayeso a MSCE tikambe za mphaka. Musaseke ayi, nkhaniyi ili ndi mutu wake.

Kumalo osungirako ziweto zosowa eni ake, monga ku LSPCA ku Lilongwe, bungwe lomwe lidayamba m'chaka cha 2008, munthu amatha kukatenga galu kapena mphaka n'kukamulera kwawo. Pamalo otere, mphaka amene amathamangira mlendo n'kumadzikhula m'miyendo mwake sachedwa kupeza mwini. Wotsalira amakhala uja wobisala pakona, amene ukangotambasula dzanja amagonetsa makutu n'kukuonetsa mano. Anthu amamudutsa n'kumati ameneyu ngolusa. Ine ndikuti ameneyu ali ndi mantha chabe, ndipo khomo likumuyenera monga mnzake uja. Kungoti khomo lake liyenera kusankhidwa mosamala kwambiri.

Manthawa ali ndi pochokera. Akatswiri a ziweto adapeza kuti mwana wa mphaka amazolowera anthu pamene ali ndi milungu yapakati pa 2 ndi 7. Akamagwiridwa bwino m'masiku amenewa, amakula akudziwa kuti dzanja la munthu siloopsa. Koma wobadwira m'ngalande kapena kuseri kwa msika, nthawi imeneyi imamupita asanagwiridwepo n'komwe. Ndiye onjezeranipo zimene amakumana nazo kwathu kuno: ana omugenda, agalu omupirikitsa, ndiponso akuluakulu amene akangomva mphaka wachilendo akulira usiku, makamaka akakhala wakuda, amayamba kale kukamba za ufiti. Nyama imene yakula chonchi ikamathawa munthu, tinganene kuti yalakwa?

Wofuna kumupezera khomo ayambe wasiyanitsa amphaka amitundu iwiri. Pali amene adakhalapo pakhomo pa munthu kenaka n'kusochera kapena kutayidwa. Ameneyu amakumbukira, ndipo akapatsidwa mtendere amabwerera pang'onopang'ono. Pali winanso amene adabadwira kutchire n'kukulira komweko. Ameneyu akhoza kukhala nanu zaka zambiri osalola kunyamulidwa. Kuwatenga awiriwa ngati amodzi ndiye gwero la mavuto, chifukwa banja limatenga mphaka wakutchire likuyembekezera kuti ana azisewera naye, pakatha sabata mwana wakandidwa, mphaka uja n'kuponyedwa kunja ali ndi mantha oposa amene adabwera nawo.

Wosochera uja amafuna nyumba yabata ndi mwini wake wodekha. Masiku oyamba asungidwe m'chipinda chimodzi chotseka. Muikemo katoni yoti azibisalamo, madzi, chakudya, ndi beseni la mchenga lodzithandiziramo, koma besenilo litalikirane ndi chakudya. Musamusolole m'katonimo kuti alendo amuone. Ingokhalani pansi m'chipindamo, muzichonga makope anu, iye azimva fungo lanu ndi mawu anu. Musamuyang'anitsitse m'maso chifukwa kwa mphaka kumeneko n'kuopseza. M'chaka cha 2020, ofufuza a ku yunivesite ya Sussex ku England adaonetsa kuti mphaka amayandikira mosavuta munthu amene akumuphethirira pang'onopang'ono. Akulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Papite milungu itatu kapena inayi musanamutulutse panja, ndipo tsiku loyambalo mumutulutse asanadye kuti njala imubweze kunyumba.

Nanga wakutchire uja? Apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amaganiza kuti khomo labwino la mphaka ndi la pampando wa pabalaza lokha. Ku London kuli malo otchuka osungirako agalu ndi amphaka otchedwa Battersea. Kumeneko n'komwe kudachokera Larry, mphaka wotoledwa mumsewu amene mu 2011 adamupititsa ku 10 Downing Street, nyumba ya nduna yaikulu ya dziko la Britain, kuti azikagwira mbewa. Amphaka osatha kukhala m'nyumba, a ku Battersea amawapezera malo m'mafamu ndi m'makola a akavalo, komwe amadyetsedwa koma palibe wowakakamiza kugwiridwa. Ife malo otere tili nawo ambirimbiri: pankhokwe, pachigayo, m'golosale, m'chipinda chosungira chimanga ndi nyemba pasukulu yogonera pompo. Makoswe akutidyera chakudya chaka ndi chaka, ndipo ambiri timathamangira tameki, poizoni amene amaphanso nkhuku, agalu ngakhale anthu. Mphaka wamantha akhoza kugwira ntchito imeneyi popanda kuika moyo wa mwana pachiswe.

Koma nayenso ayambe watsekeredwa pamalopo milungu ingapo kuti adziwe kuti kwawo n'kumeneko, ndipo azipatsidwa chakudya tsiku lililonse. Zoti mphaka umumane chakudya kuti azigwira makoswe ambiri n'zabodza. Wanjala amangosamukira kumene kuli fungo la usipa.

Tsono musapereke mphaka wotereyu kwa munthu woyamba amene wanena kuti ndipatseni. Mufunseni mafunso. Kodi pakhomopo pali agalu? Pali ana aang'ono amene sangamvetse zoti asamuthamangitse? Eni nyumba ya lendi avomera? Anthu onse a m'nyumbamo agwirizana nazo, kapena alipo wina amene mumtima mwake akuti kwabwera mfiti? Nanga zikakanika, adzamubweza kwa inu kapena adzakamutaya kudambo? Munthu amene akukwiya ndi mafunso amenewa sadzapirira mphaka wobisala kunsi kwa bedi mwezi wathunthu.

Asanachoke, abayidwe katemera wa chiwewe ndiponso achitidwe opaleshoni yoti asabereke. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, bere lake n'la masiku pafupifupi 65, ndipo amatha kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Ana akewo akabadwira kutchire, mantha aja ayambiranso pomwepo. Mwini watsopanoyo muuzeninso kuti panado amapha mphaka, anyezi amamudwalitsa, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Akakulumani kapena kukukandani mphaka amene simukudziwa za katemera wake, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika.

Ndikudziwa kuti wina akuti: Aphunzitsi, anthu akugona ndi njala, ana akusowa fizi, inu mukutaya nthawi ndi chona? Funsoli ndi lomveka ndithu. Koma taonani mtengo wake: katoni yakale, mchenga wa pabwalo, mitu ya usipa. Chodula pa zonsezi ndi kudekha basi. Komanso mphaka mmodzi akachoka kumalo osungirako ziweto, malo ake amapulumutsa wina amene akadali mumsewu.

Ife aphunzitsi zimenezi sizachilendo. Timamudziwa mwana wa Fomu 1 amene amakhala kumbuyo, osakweza mkono teremu yonse, ndipo timadziwa kuti kumukalipira sikumuyankhulitsa. Ndiye inu amene muli ndi kachipinda kabata, kapena mumayang'anira sitolo ya sukulu, mukapita kukasankha mphaka, musaime pa amene akukuthamangirani. Afunseni osamalira ziwetowo kuti akuonetseni amene wakhalitsa, uja wa pakona, ndipo akuuzeni ngati ali wa m'nyumba kapena wa pankhokwe.