Foni si kalilole, asisi

Atsikana, tiyeni tikambirane. Ndi angati mwa ife amene timafika 1 koloko usiku maso ali pa TikTok ndi Instagram, mawa lake tili ndi kalasi? Bando yatha, tulo taperewera, kenaka podziyang'ana pa kalilole tikuona ngati mimba yakula, khungu lada kwambiri.

Izi sizongochitika mwangozi. Mu 2021, Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, anaulula zikalata zamkati mwa kampaniyo. Pa kafukufuku wawo womwe, atsikana 32 pa 100 alionse ananena kuti akakhala kuti sakusangalala ndi thupi lawo, Instagram imangowonjezera ululuwo. Eni ake ankadziwa. Ma app amenewa amapanga ndalama ndi nthawi yathu: tikakhalitsa, timaona malonda ambiri. N'chifukwa chake mavidiyo aja satha.

Chithunzi chomwe mukudziyerekeza nacho chija chadutsa mu filter yoyeretsa khungu ndi kuchepetsa mimba. Mwini wakeyo akadzuka m'mawa saoneka choncho. Koma ife tikusala nsima, tikudzola mafuta oyeretsa khungu, ena mwa iwo okhala ndi mercury yomwe imaononga impso. Zonsezi chifukwa cha ma like?

Sabata ino, chitani unfollow aliyense amene amakupangitsani kudzida. Zimitsani ma notification powerenga. Pogona, foni ikhale patali ndi bedi. Mukaona mnzanu akunyozedwa thupi m'makomenti, musakhale chete.

Thupi lanu silikufunika kukonzedwa. Tumizirani mng'ono wanu uthengawu.