JORDAN KAPENA LEBRON? NONSE MWAPHONYA DENGU

Inu acicepere a mu mpingo, pali mkangano umodzi umene sufuna kutha pakati panu. Mukangotuluka m'chalichi, kapena mukakhala pansi pa mtengo kudikira kuti a kwaya akwane, wina amauyamba: kodi katswiri woposa onse pa masewera a basketball ndani? Pompo gulu limagawika pawiri. Ena amati ndi Michael Jordan, naloza cipewa ca Chicago Bulls cimene anagula pa salaula, ngati kuti cipewaco ndico umboni. Ena amati ndi LeBron James, natulutsa foni kuti aonetse manambala. Ine ndikuti magulu onse awiri mwaphonya. Woposa onse ndi Bill Russell wa timu ya Boston Celtics, amene anasiya kusewera mu 1969, makolo a ambiri a inu asanabadwe. Musafulumire kuseka. Werengani kufikira kumapeto, ndipo mukanditsutse pa msonkhano wanu wa pa Ciweru ngati mungathe.

Tigwirizane coyamba pa muyeso

Simungakangane za kutalika kwa nsalu pamene wina ali kuyesa ndi mkono, wina ndi phazi. Tiyeni tifunse coyamba: kodi masewerawa colinga cake n'ciani?

Basketball inayambika mu 1891 mu mzinda wa Springfield ku America. Anaiyambitsa ndi James Naismith, mphunzitsi wa pa sukulu ya YMCA, munthu amene anali ataphunzira za ubusa ku Montreal. Iye anapacika madengu awiri a zipatso, nalemba malamulo 13. Limodzi la malamulowo linali lakuti wogwira mpira asathamange nao, koma auponye ali pomwepo pamene waugwirira. Mwaona? Cibadwire cake, awa ndi masewera opatsirana. Cikho sicipatsidwa kwa amene walumpha mokongola kapena amene wagulitsa nsapato zambiri. Cimapatsidwa kwa timu imene yapambana. Conco muyeso woona ndi uwu: munthuyu akalowa m'bwalo, kodi anzake anai aja amapambana?

Tsopano werengani. Jordan anatenga zikho 6 za ligi ya NBA, mu 1991, 1992, 1993, 1996, 1997 ndi 1998. Kareem Abdul-Jabbar anatenga 6. LeBron anatenga cikho mu 2012, 2013, 2016 ndi 2020, ndiye kuti 4. Russell anasewera zaka 13, kuyambira 1956 kufikira 1969, ndipo anatenga zikho 11. Muphatikize za Jordan zija ndi za LeBron zija, zikwana 10, sizifikabe pa za munthu mmodziyu. Zikho 8 mwa izo zinabwera motsatizana, kuyambira 1959 mpaka 1966. Asanalowe n'komwe mu NBA, anali atapambana kale ndi timu ya University of San Francisco mu 1955 ndi 1956, natenganso mendulo ya golide pa masewera a Olympics ku Melbourne mu 1956. Kulikonse kumene anapita, cikho cinamutsatira.

Pali cinanso. Pa mpikisano wa kumapeto kwa caka, matimu awiri akhoza kukumana mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo akafika pa masewero a nambala 7, woluza amalongedza katundu. Russell anafika pa tsiku lotere ka 10. Analuza kangati? Sanaluzepo ndi kamodzi komwe.

“Koma sanali kugoletsa!”

Ndikudziwa cimene mudzanena. Russell anali kugoletsa mapointi 15 cabe pa avareji, pamene Jordan anali kugoletsa 30. LeBron ndiye anaposa mapointi 38,387 a Kareem mu February 2023, ndipo mu March 2024 anapitirira 40,000. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe amene angazifafanize. Koma mverani nkhani ya Wilt Chamberlain.

Chamberlain anali cimphona ca m'masiku a Russell, wamtali ndi wamphamvu kumuposa. Pa 2 March 1962 anagoletsa yekha mapointi 100 pa masewero amodzi, cinthu cimene sicinacitikenso. M'nyengo imeneyo ya 1961 mpaka 1962 anali kugoletsa mapointi 50 pa avareji. Ngati kugoletsa ndiwo ukulu, mkangano wanu unatha kale, ndipo Jordan ndi LeBron onse ndi ana kwa Chamberlain. Nanga caka cimeneco cinatha bwanji? Osewera anzao, povota, anasankha Russell kukhala wopambana onse, osati Chamberlain. Timu ya Russell inacotsa timu ya Chamberlain pa mpikisano, nikatenga cikho pogonjetsa Los Angeles Lakers. Pa tsiku lotsiriza lija Russell anagoletsa mapointi 30 nawakha mipira yobwerera 40. Anthu awiriwa anakumana ka 8 pa mpikisano wa kumapeto kwa caka, ndipo timu ya Russell inapambana ka 7.

Jordan yemweyo ndi mboni yanga. Mu April 1986 anagoletsa mapointi 63 ku Boston, anthu nagwira pakamwa, koma timu yake inaluza tsiku lomwelo. Nyengo yotsatira anagoletsa mapointi 37 pa avareji, koma Chicago inawina masewero 40 niluza 42. Analowa mu ligi mu 1984, nakhala wopanda cikho kufikira 1991. Cinasintha n'ciani? Scottie Pippen anabwera mu 1987, ndipo mphunzitsi Phil Jackson, amene anatenga timu mu 1989, anamukakamiza kusewera m'njira yopatsirana mpira. Cikho ca 1993 cinatsimikizika ndi mpira umene anaponya John Paxson. Ca 1997 cinatsimikizika pamene Jordan, ataona kuti adani awiri amuzinga, anapatsira Steve Kerr. Kunena mosabisa, Jordan anayamba kutenga zikho pamene anaphunzira cimene Russell anali kucidziwa kuyambira tsiku loyamba, cakuti mutu umodzi susenza denga.

Nchito imene sinalembedwe

Nanga Russell anali kucita ciani m'bwalo? Anali kugwira nchito zimene ena amazithawa. Mpira ukaphonya dengu, iye ndiye anali kuulumphira pakati pa zigongono za anthu. Anawakha mipira yotere 21,620 m'zaka zake zonse, kuposa 22 pa masewero alionse. Ndiponso anali kuchinga. Mdani akaponya mpira kuloza ku dengu, Russell anali kuugwetsa uli m'mwamba. Apa ndi pamene panali nzeru zake. Osewera ambiri akachinga amaumenya mpira mwamphamvu kuti ukagwere kwa anthu oonerera, kuti aomberedwe m'manja, koma potero mpira umabwereranso kwa adani. Russell anali kuukhudza pang'ono cabe, kuukankhira kwa mnzake, ndipo adani asanatembenuke Boston inali itagoletsa kale kumbali inayo. Mapointi analembedwa pa dzina la wina, koma anacokera m'dzanja la Russell.

Ndipo dziwani ici: NBA inayamba kulemba ciwerengero ca mipira yochingidwa mu 1973, Russell atapuma kale. Nchito yake yaikulu koposa ilibe nambala m'mabuku ao. Inu amene mumakhulupirira manambala a pa foni, kodi mudzayesa bwanji munthu amene luso lake linali losawerengedwa?

“Inali nthawi yofewa, ndipo anali ndi anzake abwino”

Ena amati m'masiku amenewo matimu anali ocepa. Inde, anali 8 pamene Russell anayamba, 14 pamene anasiya, pamene masiku ano ali 30. Koma taganizani bwino. Matimu akacepa, akatswiri amaunjikana, ndipo umakumana ndi Chamberlain, Jerry West, Elgin Baylor ndi Oscar Robertson kawiri-kawiri. Komanso matimu 8 amenewo anali 8 kwa onse. Ngati kunali kwapafupi, n'cifukwa ciani Chamberlain anangotenga zikho 2, West cimodzi, Robertson cimodzi?

Za anzake, n'zoona kuti anali nao abwino, monga Bob Cousy, Sam Jones ndi John Havlicek. Koma Cousy anali ku Boston kuyambira 1950, pamodzi ndi mphunzitsi wochuka Red Auerbach, ndipo sanaone cikho mpaka Russell atafika. Cousy anapuma mu 1963, zikho zinapitirira. Auerbach anasiya kuphunzitsa mu 1966, ndipo Russell anakhala mphunzitsi wa timu uku akusewera, munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindo umenewu mu NBA. Anatenganso zikho mu 1968 ndi 1969. Mu 1969 anali ndi zaka 35, maondo atatha, timu yake itathera pa nambala 4 m'cigawo cao. Mwini timu ya Lakers anali atapacikiratu mabaluni ku denga la bwalo kukonzekera cikondwerero. Boston inawina 108 kwa 106, mabaluni aja nakhala komweko.

Yesaninso motere: mucotseni munthuyo, muone cotsala. Jordan atacoka mu 1993, Chicago inawina masewero 55, pamene caka capitaco inawina 57. Russell atapuma mu 1969, pamodzi ndi Sam Jones, Boston inagwa kucoka pa 48 kufika pa 34, ndipo sinalowe n'komwe mu mpikisano wa cikho.

Munthu wake kunja kwa bwalo

Zonsezi anazicita ali kutukwanidwa cifukwa ca khungu lake. Anabadwa mu 1934 ku Louisiana, m'masiku a tsankho loopsa, ndipo mai ake anamwalira iye ali ndi zaka 12. Ngakhale anabweretsa zikho ku Boston, anthu ena anathyola nyumba yake ku Reading, nalemba mau onyoza pa makoma, naipitsa ndi pogona pake pomwe. Mu 1961 ku Lexington, Kentucky, anzake akuda atakanizidwa cakudya pa hotela, iye ndi iwo anakana kusewera nabwerera kwao. Mu 1963, Medgar Evers ataphedwa ku Mississippi cifukwa comenyera ufulu wa anthu akuda, Russell anapita ku mzinda womwewo wa Jackson kukaphunzitsa basketball ana akuda ndi acizungu pamodzi, podziwa kuti akhoza kuomberedwa. Caka comweco anali nao pa ulendo waukulu wa ku Washington umene Martin Luther King analankhulapo.

Sindikunena kuti anali mngelo. Anali wouma mutu, anali kukana kusainira anthu omukonda, ndipo mu 1975 anakana kukapezeka pa mwambo womulemekeza. Sindikunenanso kuti enawa alibe cabwino. Jordan anali wakhama losaneneka pa kukonzekera. LeBron anabweza timu ya kwao ya Cleveland kucoka kumbuyo mu 2016 mpaka kutenga cikho, ndipo mu 2018 anatsegula sukulu ya ana ovutika ku Akron kumene anakulira. Alemekezeni. Koma a NBA eni ake anaonetsa maganizo ao. Kuyambira 2009, mphoto ya wosewera bwino koposa pa ndime yomaliza imachedwa ndi dzina la Bill Russell. Atamwalira pa 31 July 2022, analamula kuti nambala 6 imene anali kuvala isapatsidwenso kwa wosewera watsopano m'timu iliyonse. Ulemu umenewu sanaupereke kwa wina aliyense.

Nkhaniyi ikukhudza inu

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zalowa bwanji m'magazini ya mpingo. Zalowa cifukwa munthu amene mumamucha wamkulu ndiye amene mumafuna kufanana naye. Ndipo zipatso zake tili kuziona m'magulu athu. Aliyense afuna kutsogolera nyimbo, palibe afuna kuimba besi kumbuyo. Pa sewero la Khrisimasi onse alimbirana kukhala mfumu Herode kapena mngelo, koma wonyamula mabenci asowa. Pa masankho a komiti manja amakwera ambiri pa mpando wa wapampando, koma tsiku lokaumba njerwa kapena lokatungira madzi agogo odwala kumabwera anthu atatu. Pa bwalo la masewera ndiye cimodzi-modzi: mnyamata agwira mpira, aona mnzake ali yekha pansi pa dengu, koma aponya yekha ali kutali kuti atsikana amuone. Aphonya, timu iluza, iye napita kunyumba wokondwa cifukwa wagoletsa kuposa onse.

Mkangano wa “wamkulu ndani” sunayambe ndi inu. Werengani Luka mutu 22, mudzapeza ophunzira a Yesu ali kukangana za comweci, pa cakudya cotsiriza penipeni, Mbuye wao ali pafupi kuperekedwa. Werenganinso Yohane mutu 13, muone cimene Iye anacita usiku womwewo ndi beseni la madzi ndi nsalu. Muyeso umene anatisiyira ndi wa kutumikira. Nanga ife tingauvomereze bwanji pa Sondo m'mawa, madzulo ake n'kumalambira manambala a munthu mmodzi?

Conco valani cipewa canu ca Bulls, palibe cimo. Onererani LeBron, mudabwe ndi mphatso imene Mulungu anaika mwa munthu. Koma wina akakufunsani za woposa onse, muchuleni uja amene anali kukankhira mpira kwa mnzake, nakhutira kuti mapointi alembedwe pa dzina la wina malinga timu yapambana. Ndipo pa msonkhano wanu wotsatira, yang'anani m'gulu lanu amene amafika msanga kudzasesa, amene amasunga bwino buku la ndalama, amene amakayendera membala amene waleka kubwera. Ameneyo ndiye Russell wanu. Kodi munamuthokozapo?

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi ndi nchito ziti za m'gulu lanu zimene sizilembedwa paliponse, koma zikaleka gulu lingagwe? Amazigwira ndani?

2. Russell anakana kusewera anzake atacitidwa tsankho. Kodi inu mungalolere kutaya ciani cifukwa ca mnzanu amene walakwiridwa?

3. Ngati mukali kunena kuti Jordan kapena LeBron ndiye woposa, fotokozani muyeso wanu, ndipo muone ngati mungafune kuti atsogoleri a mpingo wanu asankhidwe ndi muyeso womwewo.