Mukati "chaka chino", mukunena chaka chiti?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi dandaulo, ndipo wokwiya akwiye. Dandaulo langa lili pa liwu limodzi lokha, liwu lakuti chaka. Tikuligwiritsa ntchito mosasamala pa wailesi, m'makalata, m'misonkhano ya makolo ngakhale m'kalasi momwe, ndipo kusasamalaku kukudanitsa anthu komanso kuwatayitsa ndalama.

M'Malawi muno tikuyendera zaka zosachepera zinayi pa nthawi imodzi. Pali chaka cha pakalendala, kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala. Pali chaka cha ndalama za boma, choyamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Pali chaka cha sukulu, chomwe timatsegula mu Seputembala n'kutseka mu Julaye. Palinso chaka cha mlimi, choyamba ndi mvula yobzalira n'kutha chimanga chikalowa m'nkhokwe. Amene amalemba zikalata za boma m'Chingerezi amasamala kunena chaka chimene akutanthauza. Koma nkhani ikafika kwa womasulira waulesi, zaka zinayi zonsezi amazithira mumphika umodzi n'kungoti "chaka chino".

Mwina mukuti ndi nkhani yaing'ono. Tamverani. Nduna ya zachuma ikawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, imanena zomwe boma lichite kuyambira Epulo mpaka Malichi wa chaka chotsatira. Kholo la ku Thambani kapena ku Kunenekude limamva pa wailesi kuti "chaka chino boma lipereka ndalama zakutizakuti kusukulu". Kwa kholo limeneli chaka chimatha pa Khirisimasi. Disembala akakwana popanda choonekapo, mlandu umagwera amene ali pafupi. Ndinakhalapo pa msonkhano wa makolo pasukulu ina m'boma lathu lino pomwe mphunzitsi wamkulu analozedwa zala kuti wadya ndalama. Bambo wa anthu anatuluka thukuta kufotokoza kuti chaka chomwe chikunenedwacho chatsala ndi miyezi itatu kuti chithe. Ena anamva, ena anapita kwawo akung'ung'udza. Mbiri ya munthu inada chifukwa wina kutali uko anachita ulesi kuwonjezera mawu anayi okha akuti "cha ndalama za boma".

Chomwe chikuipitsa zinthu n'chakuti zaka zimenezi sizikhala malo amodzi. Kwa zaka zoposa 20 chaka cha ndalama za boma chinkayamba pa 1 Julaye n'kutha pa 30 Juni. Boma linachisuntha, ndipo kuyambira mu 2022 chimayamba mu Epulo. Kuti kusinthaku kutheke, chaka cha 2021/22 chinali cha miyezi 9 yokha, kuchokera Julaye 2021 kufika Malichi 2022. Bajeti yomwe a Felix Mlusu anapereka ya miyezi 9 imeneyo inali pafupifupi K2 thililiyoni. Yotsatira, yomwe a Sosten Gwengwe anapereka ya 2022/23, inali pafupifupi K2.8 thililiyoni. Munthu wongomva kuti "chaka chatha" ndi "chaka chino" anganene kuti bajeti inakwera ndi ndalama 40 pa 100 iliyonse. Koma mwana wa Fomu 1 wodziwa kugawa akuuzani kuti yoyambayo inali pafupifupi K220 biliyoni pamwezi, yachiwiri pafupifupi K235 biliyoni pamwezi. Kukwera kwenikweni kunali kochepa zedi. Liwu lakuti chaka linabisa miyezi itatu yathunthu.

Chaka cha sukulu nachonso chayendayenda. Ambiri a inu munaphunzira nthawi yomwe tinkatsegula mu Januwale, tisanasamukire ku Seputembala cha m'ma 2010. Kenaka mliri wa Covid-19 unatitsekera sukulu mu Malichi 2020, kalendala yonse inasokonekera, tinabwerera kotsegula mu Januwale kwa kanthawi, pang'onopang'ono n'kubwereranso ku Seputembala. Ndiye mwana akalemba pa fomu yofunsira ntchito kuti "ndinali Fomu 4 mu 2021", wolemba ntchito wosamala ayenera kufunsa kuti mwezi uti.

Ife a ku Mwanza tili ndi chifukwa chinanso chosamalira, poti Mozambique ili pakhomo pathu. Ku Mozambique chaka cha ndalama za boma chimayenda ndi kalendala, Januwale mpaka Disembala, monganso ku Zambia. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri ali, boma limayamba mu Epulo ngati ife. Ku America amayamba mu Okutobala. Ndipo vuto silili pa chaka chokha. Pa Chipwitikizi tsiku Lolemba amati segunda-feira, ndipo segunda amatanthauza chachiwiri. Womasulira liwu ndi liwu adzauza wogulitsa manachesi kuti wogula wa ku Zobue abwera Lachiwiri, pomwe munthuyo wanena Lolemba. Quinta-feira ali ndi liwu lakuti chachisanu, koma ndi Lachinayi lathu. Akati quinze dias, masiku 15, nthawi zambiri amatanthauza sabata ziwiri. Zipatso sizidikira kuti omasulira agwirizane. Zimangowola.

Musaganize kuti matendawa ndi a Chichewa chokha. Mukudziwa kuti m'dziko muno muli sukulu, zipatala ndi maparishi omwe amathandizidwa ndi anthu a ku Italy, makamaka mbali ya Balaka ndi Mangochi komwe ansembe a Montfort ochokera kumeneko agwira ntchito zaka zambiri. Mmodzi wa ana anga akale, yemwe amasunga mabuku a ndalama ku bungwe lina, anandionetsa kalata yochokera kwa owathandiza a ku Italy yomwe wina anaimasulira m'Chingerezi. Kalatayo inkafuna lipoti la "exercise 2023" lotsatira "solar year". Ku ofesi kwawo anakanda mitu. Wina anaganiza za masewero olimbitsa thupi, wina za magetsi a sola. Chilungamo chake n'chakuti pa Chitaliyana esercizio ndi chaka chowerengera ndalama za kampani kapena bungwe, ndipo anno solare pa nkhani za ndalama ndi misonkho ndi chaka cha Januwale mpaka Disembala. Eni chilankhulowo nawonso amakangana, chifukwa pa malamulo a ntchito liwu lomwelo lakhala likutanthauzidwa kuti masiku 365 kuwerenga kuchokera tsiku lililonse, pomwe chaka cha pakalendala amachitcha anno civile. Alinso ndi quadrimestre, yomwe ndi miyezi inayi. Womasulira wothamanga amaona ngati ndi quarter ya Chingerezi, yomwe ndi miyezi itatu. Woyamba amagawa chaka patatu, wachiwiri amagawa panayi. Lipoti likachedwa chifukwa cha zimenezi, ndalama zimaimitsidwa, ndipo ovutika ndi ana omwe amalipiriridwa fizi.

Chitaliyana ndi Chingerezi ndi zilankhulo zokhala ndi madikishonale onenepa ngati njerwa, koma onani momwe womasulira wosaganiza anazigwetsera m'dzenje. Nchifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati vuto ndi umphawi wa Chichewa. Ndimawamva m'chipinda cha aphunzitsi akuti, "Aphunzitsi, Chichewa chilibe mawu a zinthu zimenezi, tingosiya m'Chingerezi." Ndikufunseni, kusiya m'Chingerezi kuthandiza ndani? Mayi wa mu komiti ya sukulu yemwe analekeza Sitandade 6 akamva kuti financial year, wadziwa kuti iyamba liti? Ngakhale pakati pa ife ovala mataye, ndi angati angasiyanitse biannual, kawiri pachaka, ndi biennial, kamodzi pa zaka ziwiri, osatsegula dikishonale? Chingerezi chomwecho chili ndi bimonthly, yemwe amatanthauza kawiri pamwezi komanso kamodzi pa miyezi iwiri. Chichewa chikati "kawiri pamwezi" palibe wofunsanso.

Ena amati kumasulira motere kumatalikitsa nkhani, ndipo nthawi ya pa wailesi ndi yodula. Zoona, kumatalikitsa. Koma kunena kuti "m'chaka cha ndalama za boma chomwe chithe mu Malichi" kumatenga mpweya umodzi wokha. Kukonza mbiri ya munthu amene wanamiziridwa kuba kumatenga zaka.

Ifenso aphunzitsi tisadzichotse pamlandu wophunzitsa ana kumasulira ngati zinkhwe. M'makalasi ambiri mwana amauzidwa kuti dzinja ndi winter, chilimwe ndi summer, n'kupatsidwa chongi. Dzinja lathu ndi nyengo ya mvula, yotentha, ya Disembala ndi Januwale. Kuzizira kwathu kumabwera mu Juni ndi Julaye. Mwana amene waphunzira kusinthanitsa mawu popanda kufunsa chomwe akuimira ndi yemweyo adzalembe "solar year" akadzakula.

Pempho langa ndi losavuta. Choyamba, liwu lakuti chaka lisamayende lokha pa nkhani ya ndalama kapena ya sukulu. Tizinena kuti chaka cha pakalendala, chaka cha ndalama za boma, chaka cha sukulu. Chachiwiri, m'kalata iliyonse yopita kwa makolo, ku komiti kapena kwa otithandiza, tizilemba tsiku loyambira ndi lothera: kuyambira pa 1 Epulo 2025 mpaka pa 31 Malichi 2026. Manambala sanama m'chilankhulo chilichonse. Chachitatu, m'malo mwa kota kapena semesita tizinena chiwerengero cha miyezi ndi mayina ake. Chachinayi, aphunzitsi a Chichewa, a Chingerezi ndi a Business Studies tigwirizane kupatula phunziro limodzi pa teremu, titenge kachigawo ka bajeti, ana amasulire, kenaka tiwafunse kuti nthawi yomwe yatchulidwayo iyamba liti ndipo itha liti. A Centre for Language Studies ku Zomba, omwe anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, angatithandize kukhazikitsa mawu oti tonse tizitsatira, koma sitingakhale manja lende kudikira iwo.

Kwa inu ana anga amene tsopano muli m'nyumba zoulutsira mawu, m'makhonsolo, m'mabanki ndi kuchipata cha Mwanza, mukalandira kalata ya chilankhulo china ndipo liwu lonena za nthawi likukukayikitsani, musaope kuoneka mbuli. Lembani kwa mwini kalatayo, mumufunse kuti akunena kuyambira tsiku liti mpaka tsiku liti. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Amene simukugwirizana nane mukudziwa kondipeza. Choko ndili nacho, bolodi lilipo, tidzawerengere limodzi miyeziyo.