Kodi Kunenepa Ndiko Moyo?

Pa nthawi ya masika ndinapita kwathu ku Katete kukaona ukwati wa mphwanga, ndipo msuwani wanga wa ku Lusaka anafikanso, atatenga mwana wace wamwamuna wa zaka 9. Mwanayo atangotsika m'galimoto, akazi a m'mudzi anamzinga ndi nthungululu. Agogo ace anamgwira masaya nati, "Taonani mwana wodya bwino! Atate wako ali pa nchito ndithu, mdzukulu wanga." Pambali panaima mnyamata wina wa m'mudzi momwemo, wobadwa caka comweco, amene mutu wace unangolekeza paphewa la mlendoyo, koma panalibe womyang'ana. M'mawa mwace ana anauyamba ulendo wa kudimba, mtunda wosakwana mailo imodzi. Mlendo uja anakhala pansi patsinde pa culu ali wefu-wefu, thukuta liri kamu-kamu, nabwerera panjira. Anthu anaseka, nati ndi ulesi wa ana a m'tauni. Ine sindinaseke ai, pakuti ndinaona ana awiri odwala, wina wonenepa, wina wopinimbira, ndi mudzi wathunthu wa akulu-akulu osazindikira kanthu.

Sindinena kuti agogo aja ngopusa. Iwo anaona cilala ca 1992 ndi ca 2024. Anaonanso zaka zija zimene matenda a kaliondeonde anatha anyamata ndi atsikana m'midzi, pamene munthu akangoonda pang'ono anzace anayamba kunong'onezana. Munthu amene anaika ana ace m'manda ali mafupa okha-okha sangaope mafuta. Mlandu wanga uli ndi ife amene tinapita kusukulu, ife akalaliki, aphunzitsi ndi anamwino, ndiponso inu anzanga amene mwangotsiriza maphunziro ndipo posacedwa mudzalandira malipiro anu oyamba. Ife tinaphunzira za zakudya zomanga thupi ndi zoteteza thupi, tinazilemba pa mayeso ndi kukhoza. Koma titafika panyumba tinazisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa caka ca 2018 anapeza kuti m'Zambia ana 35 mwa ana 100 ali onse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo 5 anali onenepa kupyola muyeso. Wina adzati, "Nanga bwanji ukudandaula za asanu, kusiya 35?" Ndimyankha kuti moto wa m'chire amauzimitsa ukali waung'ono. Bungwe la WHO linena kuti pa dziko lonse lapansi, mwa ana a zaka 5 kufikira 19, onenepa kupyola muyeso anali 8 pa 100 mu 1990, koma pofika 2022 anali 20. Mu 2025 bungwe la UNICEF linalengeza kuti ana a msinkhu umenewo onenepa koopsa aposa oonda koopsa, kupatula kwathu kuno kumwera kwa cipululu ca Sahara ndi kumwera kwa Asia. Tisanyadire kuti atipatula. Njira imene anzathuwo anayenda ndiyo tiri kuitsata, ndipo ife tiitsata titasenza kale katundu wa kupinimbira.

Tiyeni titsate mwana wa kalaliki tsiku limodzi. M'mawa amwa tiyi wothira masipuni atatu a shuga, ndi buledi woyera wopaka majarini. Pocoka amace ampatsa ndarama, cifukwa kuphika kandolo kucedwetsa. Pacipata ca sukulu pali kantemba, ndipo ndarama ija ithera pa vitumbuwa, mabisiketi, timapaketi ta zokhukhuluza zamcere, ndi botolo la cakumwa cotsekemera. Masana adya cipisi ndi soseji. Madzulo nsima iripo, inde, koma iye atola nyama yokha, ndiwo zamasamba nakankhira kumbali. Ndipo palibe womdzudzula, popeza atate wace acita cimodzimodzi. Akatero akhala pa mpando kuyang'ana wailesi ya kanema kapena foni kufikira tulo titamgwira. Tsono tiwerenge. Mu 2015 a WHO analangiza kuti shuga wothira m'zakudya asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu alandira m'cakudya ca tsiku. Kwa munthu wamkulu ndiwo magalamu ngati 50, kapena masipuni a tiyi 12. Botolo limodzi la theka la lita la zakumwa zina zotsekemera liri ndi shuga wocuruka cotero. Mwana uja, dzuwa lisanafike paliombo, wamwa kale muyeso wa atate wace ndi kupitirira.

Thupi silitaya zimenezi. Lizisunga monga mafuta. Mwana wonenepa kawiri-kawiri akula nakhala munthu wamkulu wonenepa, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene kale tinkati ndi matenda a nkhalamba ndi a mabwana, ampeza akali ndi mphamvu zogwira nchito. Mano aola. Mwana wotere angathenso kukhala wosowa magazi, pakuti shuga ndi mafuta zikhutitsa mimba koma sizimanga thupi. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga kumudzi? Ambiri a ife tikakhala m'ofesi timayesa kumudzi ndiko kwa zakudya zabwino, koma tisadzinyenge. Mwana wa kumudzi adya phala lamadzi lopanda nsinjiro, ndi nsima yaikuru yotsagana ndi kandiwo kongonunkhiritsa. Comvetsa cisoni ncakuti zakudya zomkuza ziri pakhomo pomwepo. Dziko la Kum'mawa litchuka ndi nshawa. Koma nshawazo zipita m'matumba kwa ogula, nyemba ndi soya cimodzimodzi, mazira agulitsidwa pamseu, ndipo ndarama zace zibwera kunyumba zitasanduka shuga, mafuta ophikira ndi maswiti. Kantemba kanafika kale kumudzi, ndipo katundu wace ndi yemwe uja wa pacipata ca sukulu ya m'tauni. Ndamva ena akuti shuga ngwabwino kwa ana cifukwa kuyambira 1998 lamulo linati shuga wa m'dziko lino azithiramo vitamini A. Lamulolo linali ndi colinga cabwino, koma vitamini yemweyo ali m'cibwabwa, m'bondwe, m'maungu, m'mango ndi m'kandolo wofiira m'kati, ndipo zimenezi sizioletsa mano. Akatswiri anenanso kuti mwana amene anapinimbira ali wamng'ono, akadzapeza zotsekemera ndi zamafuta zambiri atakula, matenda a shuga samcedwera. Motero ana awiri ndinawaona aja, ngakhale mmodzi aoneka wolemera ndi wina wosauka, ulendo wao ngwopita ku cipatala cimodzi.

Muzu wa zonsezi ndi manyazi. Ndife ophunzira amene tinaphunzitsa anthu kuti mfutso, delele, mbewa ndi masau ndi zakudya za osauka, ndi kuti cinthu cikakhala m'pepala lonyezimira ndiye kuti ncacitukuko. Ndife amene tigula ufa wa bulekifasiti cifukwa ngwoyera, ndi kunyoza wa rola ndi mgaiwa, cikhalireco cimene makina acotsa poyeretsa ufa ndiwo madeya ndi kamtima ka cimanga, momwe muli zofunika m'thupi. (Pano amai athu a kumudzi naonso sangathawe mlandu, pakuti kukonola ndi kuviika mphale kucita zomwezo.) Mwana akatenga cimanga cokazinga kapena nshawa kupita nazo kusukulu, anzace amseka, ndipo kuseka kumeneko anakuphunzira patebulo la atate ao. Ine ndemwe ndikumbukira kuti nditalandira malipiro anga oyamba ndinagula kireti ya zakumwa kupita nayo kwathu, ndikuyesa kuti ndalemekeza makolo.

Ndidziwa kuti alipo oyenera kuwamvera cifundo. Mai wa ku Kanyama amene alawira m'banda-kuca kupita kumsika wa Soweto alibe nthawi yophika nyemba, ndipo malasha ngodula. Citumbuwa ca pamseu ndico cimtonthozera mwana msanga. Malo amene ana ankaseweramo mpira m'makomboni ambiri anagawidwa kukhala mapuloti. Zimenezi nza Boma ndi makhonsolo, ndipo akulu a sukulu ali nayo mphamvu yoletsa malonda otere pazipata zao, akafuna. Koma iwe wa malipiro a pamwezi, wokhala ndi firiji m'nyumba, udzanamizira ciani? Mtengo wa botolo limodzi la tsiku ndi tsiku ungagule dzira kapena nthoci. Ukapita ndi mwana kusikelo, usakondwere cabe kuti walemera. Funsa anamwino ngati kulemerako kulingana ndi msinkhu wace, ndipo akakuuza kuti wapyola, usakwiye ngati akutukwana.

Tsiku lobwerera ku Lusaka, agogo aja anaturutsa thumba la nshawa, cikwatu ca mfutso ndi dengu la kandolo, nati, "Mutengere mdzukulu wangayu." Msuwani wanga anathokoza bwino-bwino ndi kuomba m'manja, koma anati m'galimoto mulibe malo, ndiponso mwanayo sadya zotere. M'nyumba ya agogowo anasiyamo mphatso zace: mapaketi 5 a shuga ndi kireti ya zakumwa. Galimoto lisanapotoloke pa mtengo wa mkuyu, ndinaona mnyamata wopinimbira uja atakhala pakhonde, alikutsegula botolo ndi mano.