TIYI AMACHOTSA TULO, KOMA SAPATSA MPHAMVU

Ife a ku Thyolo tiyi timamdziŵa akali m'munda. Amishoni anayesa kudzala mbewu imeneyi ku Blantyre m'chaka cha 1878. Mu 1891 Henry Brown anayamba kuilima ku Mulanje, ndipo pofika 1908 inali itafika ku mapiri a kuno kwathu. Lero kwa Chimaliro ndi m'midzi yozungulira nkovuta kupeza banja lopanda mbale amene anaberekapo dengu pa esiteti. Komatu kudziŵa kuthyola tiyi ndi kwina, kudziŵa zimene tiyiyo amachita m'thupi ndi kwinanso. Ambiri amati tiyi amapatsa mphamvu, ena amati amapumitsa thupi. Ife maganizo athu ndi akuti tiyi ndi chakumwa chabwino ndithu, koma sangalowe m'malo mwa chakudya kapena tulo, ndipo akamwedwa pa nthaŵi yolakwika amabera thupi zinthu zofunika.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tione za anzathu a ku Japan, amene nawonso amalima tiyi ndi kumumwa tsiku liri lonse. Iwo ali ndi mitundu iŵiri yodziŵika m'nyumba zawo. Woyamba ndi tiyi wobiriŵira wotchedwa sencha. Masamba ake akangothyoledwa amawapitiriza pa nthunzi yotentha kuti asade, kenaka amawapotokola ndi kuwaumitsa. Wachiŵiri ndi hojicha, amene anayamba kupangidwa mu mzinda wa Kyoto m'zaka za m'ma 1920. Ameneyu ndi tiyi wobiriŵira yemweyo, makamaka masamba okhwima ndi timitengo take, koma wokazingidwa pa moto waukulu monga momwe ife timakazingira mtedza. Akakazingidwa amafiirira, amanunkhira bwino, ndipo kuŵaŵa kwake kumachepa. Ambiri kumeneko amamwa sencha m'maŵa ndi masana, ndipo hojicha amamukonda madzulo akatha kudya.

Tiyi wathu wakuda amachokera ku mtengo womwewo. Kusiyana kuli m'fakitale basi: masamba amawafotetsa, makina amawadula ndi kuwatikita, kenaka amawasiya pa mpweya mpaka atada, ndipo pomaliza amawaumitsa. Ngakhale kuno ku Thyolo, esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imapanga tiyi wobiriŵira kuchokera m'minda yonga yomwe tonse timaiona.

Popeza mtengo ndi umodzi, mitundu yonseyi iri ndi mankhwala achilengedwe otchedwa kafini. Anthu ambiri amaganiza kuti kukazinga kumathetsa kafini yense, koma si choncho. Buku la boma la Japan loŵerengera zimene ziri m'zakudya limasonyeza kuti m'mamililita 100 a sencha wofulidwa muli mamiligalamu 20 a kafini, mu hojicha mulinso 20, pamene mu tiyi wakuda muli 30. Nzoona kuti hojicha wopangidwa ndi timitengo tambiri ndi kuviikidwa kanthaŵi kochepa amakhala wofatsirapo, koma mtundu wa madzi m'kapu kapena fungo lake sizitiuza zonse. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimachulukitsa kafini m'kapu ndi kuchuluka kwa masamba amene tathira ndi kutalika kwa nthaŵi imene akhala m'madzi otentha. Ife amene timaŵiritsa masamba m'poto mpaka madzi atada bii timamwa tiyi waukali kuposa amene anaŵerengedwa m'bukulo.

Kodi kafini amachita chiyani? Munthu akagwira ntchito, m'bongo mwake mumaunjikana chizindikiro chomuuza kuti watopa, apume. Kafini amatsekereza uthenga umenewu kuti usamveke. Maso amatseguka, mtima umagunda mofulumirirapo, ndipo munthu amadzimva wopepuka. Koma kutopa kuja sikunachoke, kwangobisika. Ziri ngati kutseka pakamwa mwana amene akulira njala: phokoso latha, koma m'mimba mulibe kanthu. Tiyi wopanda shuga ndi mkaka alibe chakudya cholimbitsa thupi. Kamphamvu kamene timamva tikamwa tiyi wotsekemera nka shuga, ndipo kamatha msanga ngati moto wa mapesi. Mayi wothyola tiyi amene walaŵira m'bandakucha atangomwa kapu imodzi adzayamba kunjenjemera ndi kumva chizungulire dzuŵa lisanafike pamutu. Mphamvu yogwirira ntchito imachokera m'phala, mbatata, chinangwa, nthochi, nsima, nandolo ndi nsinjiro.

Shugayonso ngwofunika kusamala naye. Mu 2015 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga woonjezera pa tsiku, amene ndi masupuni ang'onoang'ono 12, ndipo kuti nkwabwino koposa kuchepetsa mpaka theka lake. Munthu wothira masupuni anai m'kapu, akamwa katatu wafika kale pa malire. Zotsatira zake ndi kubooka kwa mano, kunenepa kosayenera, ndi chiopsezo cha matenda a shuga.

Nanga za kupuma? Nzoona kuti mu tiyi muli kanthu kena kotchedwa theanine, kamene katswiri wa ku Japan anakapeza mu 1949, ndipo kamathandiza kuti kugalamuka kwa tiyi kukhale kodekha kusiyana ndi kwa khofi. Kukhala pansi ndi kapu yofunda, kucheza ndi a pabanja, nakonso kumakhazika mtima pansi. Koma kafini satuluka msanga m'thupi. Pakapita maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likali m'magazi. Choncho tiyi waukali womwedwa dzuŵa litaloŵa amakhala akugwirabe ntchito pakati pa usiku. Munthu amagona mochedwa, amadzuka wotopa, nafunanso tiyi woposa wa dzulo. Pamenepa mpamene tiyenera kutengera nzeru za a ku Japan: osati kugula tiyi wawo, koma kudziŵa kuti chakumwa cha m'maŵa si cha usiku.

Nkhani yaikulu koposa ikukhudza amayi ndi ana. Mu tiyi ali yense, wobiriŵira, wokazinga kapena wakuda, muli tanini, kanthu kamene kamachititsa kuti tiyi azimveka wothetheka m'kamwa. Tanini akakumana ndi ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba, amamugwira kuti asaloŵe m'thupi. Ayironi ndiye amapanga magazi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 33 mwa 100 ali onse m'Malaŵi anali ochepa magazi, ndipo mwa ana osakwana zaka zisanu anali 63 mwa 100. Mayi woyembekezera wochepa magazi amafooka, amapuma moperewera, ndipo akataya magazi pochira moyo wake umakhala pa ngozi. Nzomvetsa chisoni kuti mayi ayende mtunda wautali kupita ku sikelo, alandire mapiritsi oonjezera magazi, kenaka nkukawamwera tiyi kunyumba. Mapiritsiwo mwerani madzi, ndipo ngati pali gwafa, lalanje kapena papaya, idyani, pakuti zipatsozi zimathandiza ayironi kuloŵa m'thupi. Tiyi adikire ola limodzi kapena aŵiri mutadya kapena mutamwa mapiritsi. Bungwe lija linalangizanso mu 2016 kuti amayi oyembekezera amene amapitirira mamiligalamu 300 a kafini pa tsiku achepetse, chifukwa kafini wochuluka angachititse padera kapena kubadwa kwa mwana wochepa sikelo. Makapu aŵiri a tiyi wosaŵiritsa kwambiri ngokwanira.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha basi. Wokulirapo ali ndi kamimba kakang'ono, ndipo tikakadzaza ndi tiyi, phala lidzasoŵa malo.

Ena adzati, "Mukunena bwino, koma miyezi ya njala tiyi ndiye amene timatha kumupeza." Tikumva, ndipo sitikunyoza umphaŵi wa munthu. Koma ndalama yogulira shuga wa masupuni ambiri ingathe kugawidwa kuti pakhalenso kaufa ka phala ndi nsinjiro pang'ono. Mbatata imodzi yootcha yotsala dzulo iposa kapu yachiŵiri. Nawonso akapitao ndi eni ntchito azindikire kuti wantchito amene wadya ndi kupuma amadzaza dengu kuposa amene wangomwa tiyi.

Tsono, aŵerengi athu, tiyi musamusiye. Ndi mbewu yathu ndipo amadyetsa mabanja ambiri. Koma mumweni m'maŵa ndi masana, pamodzi ndi kanthu kokhazika m'mimba. Thirani masamba pang'ono m'madzi oŵira kwa mphindi zitatu m'malo mowaŵiritsa m'poto. Chepetsani shuga. Madzulo imwani madzi ofunda othira mandimu kapena chidede, zimene zilibe kafini. Ndipo ngati kutopa sikukutha ngakhale mukudya ndi kugona bwino, musaonjezere masamba m'poto: pitani ku chipatala akakuyezeni magazi.