Mwana Wokonda Zoopsa

Ku Makawa, ku Monkey Bay ndi m'madoko ena a nsomba a m'boma la Mangochi, dzuŵa likapendeka pamamveka mfuu yochokera m'kanyumba kotchinga mazenera ndi nsanza. Umo ndimo amaonetsa vidiyo. Anyamata amene atandala akuyanika usipa amaloŵamo ndi tindalama tao, ndipo filimu ikakhala ya mizukwa ndi afiti, pa benchi sipapezeka malo.

Pakati pao pamakhala mmodzi amene zoopsazi zidamuloŵa m'magazi. Mafilimu adadzaza nawo foni, buku la mizukwa akalipeza sagona, ndipo m'maŵa anzake amamuzungulira ku sukulu kuti aŵasimbire. Yemweyo usiku amadzutsa mng'ono wake kuti amperekeze kuseri. Makolo ambiri amafunsa ngati mwana wotere sadagwidwe ndi chiŵanda. Ife tikuti ai, ndipo tisafulumire kumutchula dzina loipa.

Kodi ife sitidakule nazo? Agogo akati "Padangotero," tonse tinkavomera "Tili tonse," tikusendera pafupi ndi moto kuti timve bwino za chilombo chomeza mudzi wonse ndi za fisi wokwatira mwana wa munthu. Tinkanjenjemera, koma maŵa lake tinkapemphanso yomweyo. Mantha oŵamva uli pabwino, pakati pa abale, amakoma ngati tsabola m'ndiwo. Nawonso Azungu ngotero. M'chaka cha 1816 Mary Shelley, mtsikana wa zaka 18, adali kucheza ndi anzake m'mbali mwa nyanja ya Geneva. Mvula itaŵatsekera m'nyumba, adapangana kuti aliyense apeke nkhani yoopsa, ndipo yake ndiyo idasanduka buku la Frankenstein, lotuluka mu 1818. Bram Stoker adalemba Dracula, nkhani ya munthu woyamwa magazi, mu 1897.

Mwana wokonda izi nthaŵi zambiri amadziŵa kuti nzopanga, kuposa ife akulu amene tikumudera nkhaŵa. Mufunseni, akuuzani kuti magazi aja ndi madzi a shuga othira utoto. Alfred Hitchcock, popanga filimu ya Psycho mu 1960, adathira chokoleti chamadzi, popeza filimuyo idali yopanda mitundu ndipo palibe akadazindikira. Yesani kutseka mau pamene chilombo chili pafupi kutulukira: mudzaona kuti theka la mantha lidali m'ng'oma ndi m'zoimbira.

Nkhaŵa yathu ili pena. Dracula amakhala ku mapiri a Transylvania, m'nyumba ya miyala imene mwana wa ku Malembo sadzaiona. Koma mafilimu ambiri a ku Nigeria, amene adatchuka kuyambira pa Living in Bondage ya mu 1992, yonena za mwamuna wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere, amaonetsa mudzi wonga wathu, khasu longa lathu, ndi anthu a khungu lathu. Ena amachita kuŵamasulira m'Chicheŵa. Ndipo mfiti ya m'menemo kaŵirikaŵiri imakhala yani? Nkhalamba yamasiye, ya imvi ndi maso ofiira, yokhala yokha ku mathero a mudzi. Mwana akatuluka m'kanyumba kaja, amakumana naye munthu wotereyo pa njira ya ku chitsime. Maso ake adafiira ndi utsi wa m'khitchini, koma izo filimu sidanene.

Sitikunena kuti vidiyo ndiyo idabweretsa mantha a ufiti. Iwo ngakale kuposa magetsi, ndipo lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lidaikidwa kale mu 1911. Koma taona kumene mantha opanda woŵaŵeta amafikitsa anthu. Mu January 2016 ku Neno, nkhalamba zinai zidaphedwa poziganizira kuti zidatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Mu 2017 mbiri ya anamapopa idabuka ku Mulanje, nifalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu olusa. Pakati pa oponya miyala padali achinyamata ambiri, ndipo ophedwawo adali agogo ndi abale a anthu ena.

Nthano ya agogo idali ndi chitseko chotulukira. Ikatha ankati "Kaphuleni mbatata," ife nkuyankha "Yapserera," ndipo aliyense ankadziŵa kuti zopeka zathera pomwepo. Woopseza uja ndiye yemwe ankatifunditsa pogona. M'kanyumba ka vidiyo mulibe wotseka nkhani. Filimu ikatha amaikapo ina, mwana napita yekha mu mdima nazo zonse m'mutu.

Kuletsa kokha sikupindula. Mudzangomuphunzitsa kuonera mobisa, pa foni, m'bulangete. Koposa khalani naye tsiku lina, muonere limodzi, ngakhale zikunyanseni. Ikatha mufunseni: adapanga bwanji kuti munthu uja auluke? Chifukwa chiyani woipa ali nkhalamba? Ukadakhala iwe wolemba, ukadaimaliza motani? Komabe pa ana aang'ono tisanyengerere. Wa zaka zisanu sasiyanitsa choona ndi chopeka, ndipo si bwino kuti mlongo wake aloŵe naye m'vidiyo atamubereka kumbuyo. Ndalama ya kope nayo isathere pa khomo paja.

Inu achinyamata okonda zoopsa, nkhani zimene mukuzifuna kutali zili pakhomo. Asodzi okalamba amadziŵa za usiku wa mwera pamene nyali za m'bwato zidazima pakati pa nyanja, za ng'ona za mu Shire, ndi za ndondocha zimene ankaopsezana nazo ali anyamata. Pitani kwa nkhalamba ija ya ku mathero a mudzi, mutenge kope ndi pensulo, muitungireko madzi, ndipo muipemphe nthano yoopsa kuposa zonse imene ikuikumbukira.